Chiyankhulo chobwereka: Jude the Obscure ndi moyo wa Thomas Hardy

Buku la Thomas Hardy lotchedwa Jude the Obscure lidatuluka mu Novembala 1895, ndipo pasanapite nthawi anthu ambiri ounika mabuku ku England adali atagamula kale kuti mfundo yake yaikulu ndi ukwati. Mu Januwale 1896 Margaret Oliphant, mlembi wodziwika kwambiri wa nthawiyo, adalemba m'magazini ya Blackwood's kuti Hardy adalowa m'gulu la anthu ofuna kugwetsa ukwati. Bishopu wa ku Wakefield, William Walsham How, adalengeza m'nyuzipepala kuti iye adaliponya bukulo pamoto, ndipo kampani ya W. H. Smith idalichotsa pa mndandanda wa mabuku omwe inkabwereketsa. Hardy adakhala ndi moyo zaka zina zoposa 30, koma sadayambenso nthano yaitali yatsopano. Mphamvu zake adaziika pa ndakatulo.

Mibadwo yotsatira idalipezera bukuli mfundo ina. Idaliwerenga ngati dandaulo la mwana wosauka yemwe yunivesite idamutsekera pakhomo. Koleji ya Ruskin idatsegulidwa ku Oxford mu 1899 kuti izithandiza anthu ogwira ntchito zamanja, ndipo Hardy mwiniwake, m'mawu omwe adawonjezera ku bukuli mu 1912, adati owerenga ena ankanena kuti kolejiyo ikadangopatsidwa dzina la Jude. Mfundo ziwiri zonsezi zili ndi umboni wokwanira m'bukumo, ndipo nkhani ino sikufuna kuzitsutsa. Cholinga chake ndi kuonetsa kuti pansi pa ukwati ndi yunivesite pali nkhani yachitatu yomwe imamanga ziwirizo pamodzi, ndiyo ya chiyankhulo. Jude Fawley adasiya kayankhulidwe komwe adabadwa nako nkubwereka ka m'mabuku, koma eni mabukuwo sadamuvomere kuti ndi mnzawo. Zambiri zomwe akatswiri akhala akuzitcha zofooka za kalembedwe ka Hardy zimamveka bwino tikaziona motere, ngakhale si zonse.

Tiyambire pa chochitika chomwe owerenga ambiri amachidutsa mofulumira. Jude ndi mwana wamasiye wa zaka 11 yemwe akuleredwa ndi Drusilla Fawley, azakhali a bambo ake, m'mudzi wa Marygreen. Mphunzitsi wake, Phillotson, wasamukira ku Christminster, mzinda wa makoleji womwe Hardy adaujambula akuyang'ana Oxford. Jude akufuna Chilatini ndi Chigiriki pakuti wamva kuti ndizo ziyankhulo za anthu ophunzira kumeneko, ndipo sadamve zabodza: mpaka 1920 pafupifupi aliyense wofuna digiri ku Oxford ankayenera kukhoza mayeso a Chigiriki. Woyamba kumulonjeza mabuku a galamala ndi Vilbert, sing'anga wabodza woyenda m'midzi ndi mankhwala ake, yemwe akumutuma kuti azimupezera ogula kenako nkuiwala lonjezolo. Mabuku atafika kuchokera kwa Phillotson, akale ndiponso olembedwalembedwa ndi ana ena, Jude akukhala pa chipika nkutsegula la Chilatini. Apa mpamene akuzindikira kuti chomwe ankayembekeza kulibe. Iye ankaganiza kuti galamala ndi mfungulo, lamulo limodzi lomwe munthu akalidziwa amatha kusandutsa mawu a chiyankhulo chake kukhala a chiyankhulo china. M'malo mwake akupeza kuti liwu lililonse liyenera kulowezedwa palokha, zikwi ndi zikwi, kwa zaka zambiri. Mwanayo akugona chagada pachipikapo, chipewa kumaso, nkumalakalaka akadapanda kubadwa, ndipo wofotokoza nkhani akutiuza kuti padalibe munthu yemwe adadutsa kudzamulimbitsa mtima.

Nkosavuta kuona pamenepa ulesi wa mwana wofuna njira yachidule. Koma Jude si waulesi. M'zaka zotsatira tikumuona akuwerenga Caesar, Virgil ndi Horace ali pa ngolo yogawira buledi wa agogo ake, hatchi ikudziyendera yokha, mpaka wapolisi kumuchenjeza. Chomwe chidafa pachipika paja ndi chiyembekezo choti angalowe m'dziko la ophunzira atanyamula mawu ake. Lamulo lomwe ankalota likadakhalapo, Chingerezi cha ku Marygreen chikadakhala chuma choyambira, mbewu yomwe Chilatini chikadamera kuchokeramo. Popeza kulibe, zonse zomwe mwanayo akudziwa sizikuwerengedwa kanthu, ndipo ayenera kuyamba ngati munthu wobadwa lero. Nthano yonse yotsatira ikungokulitsa phunziro limeneli.

Hardy adagawa kayankhulidwe pakati pa ampangankhani ake mosamala kwambiri. Jude ali mwana akuyankhula ngati anthu a m'mudzi mwake. Timamumva bwino pamene mlimi Troutham akumukwapula kaamba kolola mbalame kudya mbewu zomwe adalembedwa ganyu kuti azilondera. Atakula, kayankhulidwe kameneka kakuzimirira mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Sue Bridehead, msuweni wake, adakulira ku London ndipo Chingerezi chake ndi cha m'mabuku kuyambira pomwe tikukumana naye. Omwe akusungabe mawu a kumudzi ndi agogo Drusilla, Mayi Edlin, ndi Arabella Donn, mwana wa woweta nkhumba. Kukumana koyamba kwa Jude ndi Arabella ndi kulimbana kwa ziyankhulo ziwirizi: Jude akuyenda pamsewu akudziwerengera mokweza zomwe wawerenga kale mwa Homer ndi ena, ndipo chomudula pakamwa ndi chiwalo chobisika cha nkhumba yamphongo chomwe Arabella wamugenda nacho kukhutu. Atakwatirana, zala za Arabella zodzaza mafuta a nkhumba zikusiya zidindo pa zikuto za mabuku ake.

Aka sikadali koyamba kuti Hardy akhudze nkhaniyi. Mu ndakatulo ya The Ruined Maid, yomwe adailemba mu 1866 ali mnyamata wa zaka 26 ku London, mtsikana wa kumudzi akukumana m'tauni ndi mnzake wakale yemwe tsopano amayankhula mwaulemerero, ndipo mnzakeyo akufotokoza mopanda manyazi kuti kayankhulidweko adakapeza pogulitsa ulemu wake. Mu The Mayor of Casterbridge, buku la 1886, Henchard akukalipira Elizabeth-Jane chifukwa cha mawu a kumudzi otuluka m'kamwa mwake, pomwe iye mwini amawayankhula. Mu Tess of the d'Urbervilles, la 1891, tikuuzidwa kuti Tess, yemwe adamaliza Sitandade 6 m'manja mwa mphunzitsi wosulidwa ku London, ankayankhula ziyankhulo ziwiri: cha kumudzi akakhala pakhomo, ndi Chingerezi chovomerezeka akakhala pakati pa anthu olemekezeka. Ndipo m'nkhani ya 1883 yotchedwa The Dorsetshire Labourer, Hardy adafotokoza mmene ana ankasakanizira Chingerezi cha kusukulu ndi cha makolo awo chomwe chinkafa. Izi zinkachitika m'zaka zomwe lamulo la maphunziro la 1870 lidafalitsa sukulu m'midzi ya England. Kusiyana kwa Jude ndi ena onsewa nkwakuti iye palibe adamukakamiza. Adadzivula yekha.

Mitu yonena za kufika kwake koyamba ku Christminster ndiyo, mwa kuona kwanga, yolembedwa bwino koposa m'buku lonse. Jude tsopano ndi mmisiri wosema miyala. Usiku woyamba akuyendayenda m'misewu, akugwira makoma ndi manja, nkumamva ngati mizimu ya anthu otchuka omwe adaphunzira kumeneko ikumuyankhula. Onse akuyankhula mawu ochokera m'mabuku awo. Kutacha, diso la mmisiri likuona zomwe mdima udabisa: miyala yofumbutuka, yosweka, yofunika kuigamba. Ali pabwalo la amisiri kukafunsa ntchito, kwa kanthawi kochepa akuzindikira kuti ntchito yochitika pamenepo ndi yolemekezeka ngati ya m'makoleji. Koma ganizolo likumupulumuka msanga, litapanikizidwa ndi loto lake lakale. Kenako akulembera akuluakulu asanu a makoleji kupempha uphungu. Woyankha ndi mmodzi yekha, mkulu wa koleji ya Biblioll, yemwe akumulangiza m'mizere yochepa kuti popeza ndi munthu wa ntchito zamanja, angachite bwino kukhala komwe ali nkumamatira umisiri wake. Dzina la mkuluyu, Tetuphenay, Hardy adalitenga ku mneni wa Chigiriki wotanthauza kumenya, womwe mabuku akale a galamala ankakonda kuphunzitsira kasinthidwe ka aneni. Ndi nthabwala yowawa yomwe angaimve ndi okhawo odziwa Chigiriki: galamala yomwe Jude adaivutikira yabwera ngati munthu kudzamumenya.

Usiku womwewo, ataima pa mphambano ya pakati pa mzinda, Jude akuonanso kachiwiri chomwe adaona pabwalo la amisiri, kuti anthu wamba odutsa pamenepo ndiwo Christminster weniweni, ndi kuti moyo wawo ndi buku lalikulu kuposa la anthu a mikanjo. Nanga akuyankha bwanji kalata ija? Akutenga choko cha ntchito yake nkulemba pakhoma la kolejiyo vesi ya m'buku la Yobu, mutu 12, momwe Yobu akuuza anzake kuti nayenso ali ndi nzeru ngati iwo. Chida ndi cha mmisiri, koma mawu ndi obwereka. Ngakhale pamene mtima wake wapsa koposa, Jude alibe mawu akeake oyankhira. Tsiku lotsatira ali m'bala, mmodzi mwa ophunzira awiri a pakoleji akumugulira mowa kuti anene pamtima Chikhulupiriro m'Chilatini. Iye akunena cha ku Nicaea, ndipo mmodzi wa anyamatawo akunyogodola kuti iwo amafuna cha Atumwi. Atamaliza, anthu akumuyamikira, koma Jude akuwatembenukira mwaukali nkuwafunsa kuti ndani mwa iwo akudziwa ngati wanenadi zoona kapena wangobwebweta. Apa pagona tsoka lake lonse. Amisiri anzake samva Chilatini chake, ndipo omwe angachimve sakufuna kumumvera. Chiyankhulo chomwe adachigula ndi unyamata wake chasanduka chionetsero cha pamowa.

Tsopano tibwere ku dandaulo lakale la akatswiri. Henry James ankanena za Hardy monyozera m'makalata ake. T. S. Eliot, mu After Strange Gods mu 1934, adati Hardy sankasamala malamulo a kalembedwe kabwino. F. R. Leavis adamusiya kunja kwa mndandanda wa alembi akuluakulu mu The Great Tradition mu 1948, nati mphamvu ya Jude the Obscure ndi yosakanikirana ndi kusalongosoka. Umboni womwe owerenga ambiri amapereka ndi zokambirana za Jude ndi Sue, zomwe amati ndi zouma, ngati za anthu owerengerana mabuku. Nzoona kuti ndi zotero. Sue akupempha mwamuna wake Phillotson kuti amulole achoke, ndipo pofuna kulimbitsa pempholo akutchula mawu a John Stuart Mill onena za ufulu wa munthu. Koma taonani yankho la Phillotson: akubuula kuti iye alibe naye ntchito Mill, chomwe akufuna ndi moyo wabata. Hardy adaona kuseketsa kwa chochitikachi, ndipo adakuika dala. Sue ndi mkazi yemwe thupi lake likunyansidwa ndi mwamuna wake kufika podumpha pawindo usiku, koma chiyankhulo chomwe ali nacho sichimulola kunena zimenezi poyera. Chomwe angathe ndi kubwereka Mill. Kuuma kwa mawu ake ndi muyeso wa mtunda womwe ulipo pakati pa zomwe akumva ndi zomwe angathe kutchula.

Chimodzimodzinso pampondachimera pa nkhaniyi. Jude ndi Sue abwerera ku Christminster ndi ana atatu, ndipo eni nyumba akuwakaniza malo ogona chifukwa cha anawo. Mwana wamkulu, wa Jude ndi Arabella, yemwe amatchedwa Little Father Time, akupha ang'ono ake awiri nkudzipha. Maliro ali m'nyumba, Jude akupeza chonena mwa Aeschylus, m'sewero la Agamemnon, ndipo kunja kwa windo kukumveka ansembe awiri akutsutsana za mbali yoyenera kuyang'ana potsogolera mapemphero. Wowerenga wosaleza mtima anganene kuti palibe bambo yemwe angatchule mlakatuli wa Chigiriki ana ake atangomwalira. Ine ndikuona kuti bambo uyu yekha angatero, popeza zaka zonse wakhala akuchotsa m'kamwa mwake mawu ena alionse omwe akadalira nawo.

Komabe pano mpofunika kuvomereza pomwe Leavis adalasa. Little Father Time si mwana; ndi chiphiphiritso chovekedwa kabudula. Amayankhula ngati nkhalamba yotopa ndi dziko, ndipo pofuna kutitsimikizira, Hardy akubweretsa maganizo a dokotala onena kuti ana otere ndi chiyambi cha mbadwo wosafuna kukhala ndi moyo. Dzanja la mlembi likuonekera kwambiri pamenepa, ndipo wowerenga amamva kuti akukankhidwa. Chokhacho cha umwana weniweni m'chochitika chonsechi ndi kakalata komwe mnyamatayo adasiya: kamzere kamodzi, kokhala ndi liwu lolembedwa molakwika. Kulakwitsa kumeneko kumapweteka kuposa Aeschylus. Ndiponso vuto la mawu obwereka silithera pa ampangankhani. Wofotokoza nkhani wa Hardy, m'mabuku ake ambiri, ali ndi chizolowezi chotchula akatswiri a zojambula ndi a nzeru zakuya pomwe nkhani sikuwafuna, ngati munthu woonetsa ziphaso zake pachipata. Izi sitingazikankhire kwa Jude. Ndi bala la mlembi mwiniwake.

Hardy adabadwa pa 2 Juni 1840 ku Higher Bockhampton, pafupi ndi Dorchester, m'chigawo cha Dorset. Bambo ake adali mmisiri womanga ndi miyala, ndipo mayi ake, Jemima, adakula muumphawi nagwirapo ntchito ya m'nyumba asanakwatiwe. Adaphunzira Chilatini kusukulu ya Isaac Last ku Dorchester, ndipo mu 1856, ali ndi zaka 16, adayamba kuphunzira ntchito yojambula mapulani a nyumba kwa John Hicks. Chigiriki adadziphunzitsa yekha m'mamawa asanayende ulendo wa kuntchito. Khomo loyandikana ndi ofesi ya Hicks lidali sukulu ya William Barnes, mlakatuli yemwe mu 1844 adatulutsa Poems of Rural Life in the Dorset Dialect. Barnes ankakhulupirira kuti Chingerezi cha ku Dorset si Chingerezi chowonongeka koma mdzukulu weniweni wa chiyankhulo chakale cha m'deralo, ndipo adachilembera galamala yake. Motero Hardy adali ndi chitsanzo pakhomo penipeni cha munthu wophunzira kwambiri yemwe adasankha kulemba m'mawu a kwawo. Ankamulemekeza Barnes, ndipo mu 1908 adasankha ndi kusindikizitsa ndakatulo zake. Koma njira yake sadaitsate. M'kalata yomwe adalembera nyuzipepala ya Athenaeum mu 1878 adafotokoza kuti iye amasunga kaumbidwe ka ziganizo ndi mawu ena apadera a anthu a kumudzi, koma sadzaza tsamba ndi kalembedwe kotsata katchulidwe, chifukwa kamachotsa chidwi cha wowerenga pa zomwe munthuyo akutanthauza. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo munthu wodya za cholembera chake m'magazini a ku London sakadachitira mwina. Koma zotsatira zake nzakuti mawu a ku Dorset adakhala ndiwo zokometsera m'mbale ya eni ake a Chingerezi chovomerezeka.

Atakalamba, Hardy adayesetsa kudzitalikitsa ndi Jude. Ankakana kuti m'bukumo muli mbiri ya moyo wake, ndipo adalemba kuti kayankhulidwe ka kumudzi ankangokadziwa koma m'nyumba mwa mayi ake sikankayankhulidwa. Mbiri yake yomwe idatuluka m'magawo awiri mu 1928 ndi 1930 m'dzina la mkazi wake wachiwiri, Florence, idalembedwa kwakukulu ndi iye mwini mobisa, ndipo Michael Millgate adaisindikizanso m'dzina la Hardy mu 1984. Robert Gittings, mu Young Thomas Hardy mu 1975, adaonetsa mmene mbiriyo idasiyira kunja abale ambiri a Hardy omwe adali antchito wamba. Mmodzi mwa iwo adali John Antell wa ku Puddletown, wosoka nsapato yemwe adakwatira mng'ono wa mayi ake, munthu yemwe adadziphunzitsa Chilatini koma mowa nkumugonjetsa. Ngakhale dzina loti Fawley ndi la mudzi wa ku Berkshire komwe agogo a Hardy aakazi adakulira, ndipo koleji ya aphunzitsi ya ku Melchester komwe Sue akuthawa ndi chithunzi cha ya ku Salisbury komwe alongo ake awiri adaphunzira. Sindikunena kuti Jude ndi Hardy. Hardy adapambana pomwe Jude adagwa: yunivesite ya Aberdeen idamupatsa digiri yaulemu mu 1905, Cambridge mu 1913, ndipo Oxford mu 1920, chaka chomwecho chomwe idachotsa lamulo la Chigiriki ndi kuyamba kupereka madigiri kwa akazi. Chomwe ndikunena nchakuti manyazi omwe adamuchititsa kufufuta abale ake ndi omwewo omwe adawamvetsa mokwanira mpaka kuwalembera buku.

Raymond Williams, mwana wa wogwira ntchito ya panjanji ku Wales yemwe adakaphunzira ku Cambridge, ndiye adakonza kawerengedwe ka Hardy pa mfundo imeneyi. Mu The Country and the City mu 1973 adakana chithunzi cha Hardy ngati mlimi wosaphunzira wongojambula miyambo yakale, nati mutu wake weniweni ndi munthu woima pakati pa moyo wa chizolowezi ndi moyo wa maphunziro, wokokedwa ndi mbali zonse ziwiri. Ndikugwirizana naye, koma ndikuona kuti mu Jude the Obscure Hardy adapitirira pamenepo: mbali ya kumudzi ilibenso mphamvu yokoka. Marygreen si mudzi wa Far from the Madding Crowd, wa nyimbo ndi madyerero a pometa nkhosa. Nyumba zake zakale zidagumulidwa, mitengo idadulidwa, ndipo tchalitchi chakale chidagwetsedwa nkumangidwa chatsopano ndi katswiri wochokera ku London yemwe adabwera ndi kubwerera tsiku lomwelo. Hardy, yemwe adagwirapo ntchito yokonzanso matchalitchi akale, ankadziwa bwino mlandu womwe akuimba pamenepa. M'kayankhulidwe ka kumudzi komweko ndi momwe agogo Drusilla akuuzira anthu, mwanayo akumva, kuti kukadakhala bwino akadamwalira pamodzi ndi makolo ake. Arabella nayenso mawu ake sapunthwa, koma amawagwiritsa ntchito kukola Jude kawiri konse: koyamba ponamizira mimba, kachiwiri pomuledzeretsa mpaka kukafika naye kutchalitchi. D. H. Lawrence adayesa kumuikira kumbuyo Arabella kuti ndiye wamoyo m'bukumo, koma moyo wotere ngwodya anzake.

Izi nzofunika kwa ife owerenga masamba ano, pakuti mayesero oti tiwerenge bukuli ngati umboni wakuti chipulumutso chili pobwerera ku chiyankhulo cha amayi ndi aakulu. Hardy sakutipatsa chitonthozo chimenecho. Ndiponso Jude si mwana wa dziko lolamulidwa ndi atsamunda. Chingerezi cha ku Wessex ndi cha ku Oxford ndi nthambi za mtengo umodzi, ndipo chomwe chikuzilekanitsa ndi chuma ndi ulemu. Pomwe bukuli limatikhudza kwenikweni ndi pamene tiyesa kuganiza zolimasulira. Womasulira m'Chichewa angampatse Jude Chichewa chiti, nanga Arabella chiti? Mosakayika Jude angalandire Chichewa cha m'kalasi ndi cha pawailesi, chomwe chidakhazikika chiyankhulochi chitasankhidwa kukhala cha fuko ku Malawi mu 1968, ndipo Arabella angapatsidwe kayankhulidwe ka dera lina kapena Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka. Posankha dera limenelo womasulirayo angaulule makwerero omwe ali m'chiyankhulo chathu chomwe, omwe sitikonda kuwatchula.

Pali mpangankhani mmodzi yekha yemwe mawu ake a kumudzi amanyamula nzeru ndi chifundo pamodzi, ndiye Mayi Edlin, mayi wamasiye wokalamba wa ku Marygreen. Sue atasweka mtima ndi imfa ya ana, mimba yomwe adali nayo itapitanso padera, akutaya Mill nkutola chiyankhulo china chobwereka, cha tchimo, kulapa ndi kudzilanga, nkubwerera kwa Phillotson yemwe thupi lake limamukana. Mayi Edlin, omwe sadawerengepo Mill, ndiwo akupita kwa Phillotson kukamuuza maso ndi maso kuti ukwatiwu usachitike, ndipo pambuyo pake akuchonderera Sue kuti asadzikakamize kulowa kuchipinda kwa mwamunayo. Akunena m'mawu ochepa zomwe anthu ophunzira atatu alephera kunena m'mitu yambiri. Palibe akuwamvera. Hardy adawapatsa choonadi koma sadawapatse mphamvu, ndipo adawapanga kukhala okalamba, a mbadwo womwe ukupita.

Jude akumwalira ali yekha m'chipinda ku Christminster, asanakwanitse zaka 30, m'sabata ya zikondwerero za makoleji. Wapempha madzi koma palibe womupatsa, pakuti Arabella watuluka kukaonera zochitika mumzinda. Mawu ake otsiriza ndi a Yobu, mutu 3, otemberera tsiku lobadwa, ndipo pakati pa vesi ndi vesi pakulowa mfuu ya anthu osangalala kumtsinje. Patapita masiku awiri, pambali pa bokosi paima akazi awiri okha, Arabella ndi Mayi Edlin. Pawindo pakulowa phokoso lochokera kuholo ya yunivesite, ndipo Arabella akufotokoza kuti akuluakulu akupereka madigiri aulemu kwa mfumu ina yolemera ndi anzake otchuka. Pashelefu pali Virgil ndi Horace akale aja, ndi Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chopindika makona, masamba ake okhakhala ndi fumbi la miyala pomwe Jude ankawagwira popumula pantchito. Mayi Edlin akufunsa za Sue, nati mwina adapeza chikhululukiro ndi mtendere womwe ankaufuna. Woyankha ndi Arabella, ndipo yankho lake ndilo mawu otsiriza a bukuli: kuti Sue angalumbire motani, mtendere sadaupeze chichokereni m'manja mwa Jude, ndipo sadzaupeza kufikira atagona ngati mmene wagonera iyeyu.